Dust My Broom: nyimbo imene inakweza Elmore James n'kumumanganso miyendo

Pa 5 Ogasiti 1951, amuna anayi analowa m'kasitudiyo ka Ivan Scott mumzinda wa Jackson, ku Mississippi, m'dziko la America. Sonny Boy Williamson anali ndi hamonika, Leonard Ware anali pa besi, Frock O'Dell pa ng'oma, ndipo wagitala anali Elmore James, bambo wa zaka 33 amene anali asanatulutsepo nyimbo m'dzina lake. Maikolofoni inali imodzi yokha. Mawu ankalembedwa mwachindunji pambale popanda kudzera pa tepi, moti wina akaphonya panalibe zofufuta, mbaleyo yawonongeka basi, yambaninso. Chida chikamveka kwambiri, mankhwala ake kunali kumusendeza mwini wake patali ndi maikolofoniyo. Tsiku limenelo James anajambula nyimbo yake imodzi yokha, yosakwana mphindi zitatu, ya "Dust My Broom". Masekondi ake oyamba, pamene gitala imakuwa ngati ikung'ambika pakhosi, ndiwo poyambira pa pafupifupi aliyense amene amaphunzira blues ya silaidi, kutanthauza kuimba moyendetsa kachubu kagalasi kapena kachitsulo pamwamba pa nsambo m'malo mozikanikiza ndi zala.

Mutu wa nyimboyi ukunena za kukutumula tsache, koma m'kalankhulidwe ka anthu akuda akummwera kwa America masiku amenewo ankatanthauza kusamuka osadzabweranso. Woimbayo akuti mawa m'mamawa adzuka n'kumapita, chifukwa mkazi amene amamukonda amakonda aliyense, ndipo mnzake amene akumusirira mkaziyo akhoza kutenga ngakhale chipinda chomwe. Kwa anthu a ku Delta, chidikha cha thonje chimene chili pakati pa mitsinje ya Mississippi ndi Yazoo, nkhani yonyamuka inali ya tsiku ndi tsiku. Ambiri anali matenanti. Mwini munda ankawakongoza mbewu, chakudya ndi nyumba, ndipo pokolola ankawerengera yekha ngongoleyo, nthawi zambiri n'kupezeka kuti banja lagwira chaka chathunthu koma likadali ndi ngongole. Njira yotulukira inali kumanga katundu n'kulowera kumunda wina, kutauni, kapena kukwera sitima ya Illinois Central yopita ku Chicago. Womvera akamva munthu akuimba zoti achoka m'mamawa, sankaganiza za mkazi yekhayo.

Nyimboyi sinayambe ndi James, ndiponso sinayambe yathunthu ndi Robert Johnson, woimba blues wa ku Delta wa m'zaka za m'ma 1930, ngakhale kuti dzina la Johnson ndilo limalembedwa ngati mlembi wake. Oimba blues a zaka za m'ma 1930 ankabwerekana mizere ndi maimbidwe monga mmene amayi amabwerekerana nyimbo pamtondo. Mayendedwe a mawu ake amamveka kale mu "I Believe I'll Make a Change" ya abale awiri a Sparks ya mu 1932. Mawu okutumula tsache ali mu "Mr. Carl's Blues" ya Carl Rafferty ya mu 1933, komanso mu "Sagefield Woman Blues" ya Kokomo Arnold ya mu 1934. Johnson anali katswiri womvetsera mbale za anzake. Anatola zidutswa zimenezi, n'kuzisoka kukhala nkhani imodzi yokhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo pa 23 Novembala 1936 anaijambula mu hotela ya Gunter ku San Antonio, Texas, motsogozedwa ndi Don Law. Linali tsiku lake loyamba kujambula nyimbo. Inatuluka mu 1937 ndi mutu wakuti "I Believe I'll Dust My Broom". M'ndime yomaliza amafunafuna mkazi wake mpaka ku China, ku zilumba za Philippines ndi ku Ethiopia, dziko limene panthawiyo linali pakamwa pa anthu akuda a ku America chifukwa Italy inali italiwukira mu 1935.

Chimene ambiri amadabwa nacho akaimva koyamba ya Johnson n'chakuti mulibe silaidi. Johnson ankadziwa bwino kuimba ndi silaidi, koma pa nyimboyi anagwiritsa ntchito zala. Anachita zinthu ziwiri zimene zinadzakhala msana wa blues ya magetsi. Pa nsambo zonenepa ankaimba kayendedwe ka boogie, kamene anakatengera ku dzanja lamanzere la oimba piyano. Pa nsambo zopyapyala, kumtunda kwa khosi la gitala, ankamenya kamawu kamodzi mobwerezabwereza patatupatatu, mofulumira, koyankha mawu ake akamaliza mzere. Anali yekha, gitala yake yopanda magetsi. Anamwalira pa 16 Ogasiti 1938 kufupi ndi Greenwood ali ndi zaka 27, atasiya nyimbo 29 zokha, ndipo nyimbo ya tsacheyi inatsala ikuyenda pakamwa pa oimba a ku Delta. Arthur Crudup anaijambulanso mu 1949.

Elmore James anabadwa pa 27 Januwale 1918 ku Richland, m'boma la Holmes ku Mississippi. Dzina lake loyamba linali Elmore Brooks, potengera mayi ake a Leola Brooks, amene anamubereka ali ndi zaka 15 akugwira ntchito m'munda wa thonje. Dzina la James anatengera kwa a Joe Willie James, bambo amene ankakhala ndi mayi akewo. Chida chake choyamba chinali waya mmodzi wokhomeredwa kukhoma la nyumba ya matabwa. Ana akumeneko ankachitcha diddley bow. Waya ankamutenga patsache lakale, n'kumumanga pamisomali iwiri, n'kulowetsa botolo kapena mwala pansi pake kuti akungike. Dzanja limodzi limamenya, linalo limayendetsa kabotolo pawayayo kuti mawu akwere kapena atsike. Mwana wokulira pa chida chotere amaphunzira kusaka mawu ndi khutu, chifukwa palibe chizindikiro chomuuza pamene aime.

Wa kuno kwathu amene anaonapo babatoni, nsambo yake imodzi ikumenyedwa ndi kamtengo kwinaku botolo likuyenda pamwamba pake monga amachitira Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, waona kale nzeru yomweyi. Gerhard Kubik, amene anafufuza nyimbo za ku Malawi kwa zaka zambiri, analemba m'buku lake la Africa and the Blues la mu 1999 kuti chida cha waya mmodzi cha ku Mississippi chili pachibale ndi zida za nsambo imodzi za pakati pa Africa. Silaidi ili ndi muzu winanso, wa ku Hawaii, kumene oimba ankagoneka gitala pamiyendo n'kumayendetsa kachitsulo pa nsambo. Mbale za ku Hawaii zinafalikira dziko lonse, zinafika ku Mississippi, zinafikanso ku Nyasaland, ndipo n'kumene kunachokera dzina la kaimbidwe ka hauyani kamene agogo athu ankavina m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. James mwiniwake anajambula nyimbo yopanda mawu yotchedwa "Hawaiian Boogie".

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, James anali akuimba m'madansi ndi m'malo omwera mowa cha ku Belzoni, nthawi zambiri pamodzi ndi Sonny Boy Williamson, amene dzina lake lenileni linali Aleck Miller. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali wapamadzi ndipo anakafika ku Guam. Atabwerako anakhazikika ku Canton, n'kumagwira ntchito m'shopu yokonza mawailesi ya Robert Holston, amene anakulira naye nyumba imodzi. Shopu imeneyi ndiyo imafotokoza kulira kwa gitala yake. Munthu amene amakhala tsiku lonse ndi mavavu a wailesi, mawaya ndi masipika amadziwa chimene chimachitika ampulifaya ikapatsidwa mphamvu yoposa msinkhu wake. James anatenga gitala wamba ya bokosi, ya mtundu wa Kay, n'kuimangirira mapickup a DeArmond. Pickup ndi kachipangizo ka maginito kokulungidwa ndi waya wopyapyala kwambiri, kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa nsambo yachitsulo kukhala magetsi. Ampulifaya ya mavavu ikakwezedwa mpaka kumapeto imalephera kutulutsa mawu oyera, imayamba kuwasasalitsa, ndipo kamawu kalikonse kamakhalitsa kasanazime. Opanga maampulifaya ankaona zimenezi ngati vuto. Kwa woimba silaidi m'chipinda chodzaza anthu ovina ndi olongolola, zinali ndendende zimene ankafuna.

Choncho chimene James anachita ndi nyimbo ya Johnson chimaoneka chaching'ono mukachilemba papepala. Anatenga kumenya kwa patatupatatu kuja, kumene Johnson ankaimba ndi zala mopepuka, n'kukusamutsira pa silaidi, pa nsambo zingapo nthawi imodzi, kudzera mu ampulifaya yolira mosasa. Anakuchotsanso pamalo pongoyankha mawu n'kukuika patsogolo penipeni, kuti nyimbo iziyamba nako. Zotsatira zake ndi nyimbo ina. Ya Johnson imamveka ngati munthu akudziguguda yekha usiku, ya James ngati munthu amene watulutsa kale katundu panja ndipo akufuna mudzi wonse umve.

Kuti muimve bwino ntchitoyi, ndi bwino kudziwa mmene imaimbidwira, chifukwa n'zosavuta kuiyamba koma n'zovuta kuiimba mokoma. Poyamba ndi kachunidwe. James amadziwika ndi kachunidwe kamene nsambo zonse zikalizidwa popanda kugwira paliponse zimatulutsa kodi ya D (kodi ndi mawu angapo ogwirizana olira pamodzi). Kuchokera pa kachunidwe ka masiku onse ka E A D G B E, nsambo yonenepa kwambiri, ya nambala 6, muitsitse kuchoka pa E kufika pa D. Ya 5 ndi ya 4 zisiyeni pa A ndi D. Ya 3 itsike pang'ono kuchoka pa G kufika pa F#, ya 2 ichoke pa B ifike pa A, ndipo yopyapyala kwambiri ichoke pa E ifike pa D. Mukatero muli ndi D A D F# A D. Mukatsitsa nsambo zinayi chonchi, khosi la gitala limamasuka pang'ono ndipo nsambo zimene simunazikhudze zimakwera, ndiye muzungulirenso kachiwiri kapena kachitatu mpaka zonse zikhazikike. Ena amakonda kodi ya E, imene ndi kachunidwe komweka koma kokwera, E B E G# B E. Imeneyo imafuna kukunga nsambo zitatu kuposa muyeso wake, ndipo pa gitala ya bokosi yotchipa ikhoza kudula nsambo ya 3 kapena kuzula kathabwa kogwira nsambo kumimba. Ngati mukufuna E, chunani D n'kumanga kapo, kachida kopana nsambo zonse pamodzi, pa fureti yachiwiri (mafureti ndi timawaya topingasa pakhosi la gitala).

Ubwino wa kachunidwe aka ndi wakuti silaidi ikagona mopingasa nsambo zonse pamalo amodzi imatulutsa kodi yathunthu. Blues imayenda pa makodi atatu. D ili pa nsambo zosagwira kapena pa fureti 12, G ili pa fureti 5, A ili pa fureti 7. Ndime imodzi imakhala ndi magawo 12, gawo lililonse la kugunda kunayi: magawo anayi pa D, awiri pa G, awiri pa D, limodzi pa A, limodzi pa G, ndi awiri omaliza pa D okonzekera kubwerera poyamba. Mawu amatsata dongosolo lomwelo. Mzere woyamba umaimbidwa, n'kubwerezedwa, kenaka wachitatu umamasula nkhani. Mzere uliwonse umadya pafupifupi magawo awiri, ndipo awiri otsalawo ndi a gitala kuti ivomere, monga mmene gulu limavomerera woyambitsa nyimbo pabwalo.

Kugunda kulikonse kumagawika patatu, ndiye kuti m'gawo limodzi mumamenya ka 12. Njira yosavuta yowerengera ndi kutchula mawu akuti chi-ma-nga kanayi m'gawo lililonse, koma muzitsindika pa chi- osati pa -ma- monga timayankhulira. Silaidi iyambire cha pa fureti 10 kapena 11, ithamangire pa 12, igwire nsambo ziwiri kapena zitatu zopyapyala, ndipo dzanja lamanja limenye pa chi, pa ma ndi pa nga mosalekeza. Pachiyambi pa kugunda kwina mukhoza kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kuthamangiranso pa 12, kuti kulira kuja kumveke kwatsopano. Cha kumapeto kwa gawo lachiwiri mawu amatsika kudzera pa nsambo ya 2 ndi ya 3 mpaka kukatera pa nsambo ya 4 pa fureti 12, imene ndi D. Pamenepo mumasiya silaidi n'kupita ku boogie. Lizani nsambo ya 6 ndi ya 5 pamodzi osagwira, kenaka gwirani ya 5 pa fureti 2, muzisinthana chonchi kugunda kulikonse. Pa boogie mumamenya pa chi ndi pa nga pokha, -ma- mumamudumpha. Kudumpha kumeneko ndiko kumabweretsa kutsimphina kokoma kwa blues. Ophunzira ambiri amamenya mofanana ngati akuguba, ndipo nyimbo imafa pomwepo.

Cholakwika chachikulu ndi malo oimitsa silaidi. Poimba ndi zala timagwira kumbuyo kwa kawaya ka fureti, koma silaidi iyenera kukhala pamwamba penipeni pa kawayako, chifukwa tsopano silaidiyo ndiyo ikudula utali wa nsambo. Pa gitala imene nsambo yake ndi yotalika mamilimita 648, fureti 12 ili pakati penipeni, pa mamilimita 324, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa fureti 13 ndi mamilimita 18 okha. Mukaphonya ndi mamilimita atatu, mwaphonya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mtunda umenewo, ndipo khutu la womvera limamva ngakhale sadziwa chalakwika. Mukaima pakati pa mafureti monga mwazolowera, mawu onse amatsika ndipo mumamveka ngati gitala sinachunidwe. Silaidi iyeneranso kugona mofanana ndi kawayako. Ikapendekeka, nsambo imodzi imakhala pamalo, inzake yaphonya.

Chachiwiri ndi mphamvu. Silaidi imangokhudza nsambo, siikanikiza mpaka pathabwa. Mukakanikiza imagunda mafureti n'kumamveka gwegwegwe, mukapepuza kwambiri nsambo imanjenjemera pansi pake n'kumalira ngati ntchentche. N'chifukwa chake nsambo zopyapyala za oimba magitala amagetsi amakono sizithandiza. Pezani zolemera, zimene yopyapyala yake ndi yokhuthala mainchi 0.012 kapena 0.013, makamaka popeza kachunidwe ka D kazimasula kale. Nsambo zikhalenso zokwera pang'ono, mamilimita awiri ndi theka kapena atatu pamwamba pa fureti 12, kuti silaidi iziyenda momasuka koma zala zizithabe kugwira boogie. Gitala yakale imene ena anaitaya poti ndi yolimba kugwira nthawi zambiri imakhala yabwino pa ntchito imeneyi.

Chachitatu ndi phokoso la kumbuyo. Silaidi ikakhudza nsambo, mbali zonse ziwiri za nsamboyo zimalira, ya kumimba ndi ya kumutu kwa gitala. Ya kumutuyo imatulutsa timawu tosafunika. Valani silaidi kuchala chaching'ono, ndipo chala cholozera chizikwekwereza mopepuka pa nsambo kumbuyo kwake kuti chizizimitsa timawuto. Kuvala kuchala chaching'ono kumasiyanso zala zitatu zogwirira boogie. Chikhatho cha dzanja lamanja chigone pang'ono pa nsambo zonenepa pamene mukumenya zopyapyala. Pomaliza kamawu, gwedezani silaidi mamilimita ochepa mmbuyo ndi mtsogolo, mphamvu ikuchokera kumkono osati kuchala, ndipo kugwedezako kuzikhala kumunsi kwa mawuwo n'kumabwerera pamalo. Mukapitirira kumtunda, mawu amamveka okwera mopweteka khutu.

Silaidi yagalasi imalira mosalala, yachitsulo kapena ya mkuwa imalira mokalipa ndipo imakhalitsa, ndiye yoyandikira kulira kwa James ndi yachitsulo yolemera. Kachidutswa ka paipi yosalala kotalika masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi kamagwira ntchito, bola mupale m'mphepete mwake. Ofuna ya khosi la botolo asankhe botolo la khosi lowongoka, alembe mzere kuzungulira ndi chodulira galasi, athire madzi otentha kenaka ozizira pamzerepo mpaka lithetheke lokha, ndipo asalaze m'mphepete ndi sandipepa wonyowa asanalowetse chala. Pa zamagetsi, pickup ya maginito siimva nsambo za nayiloni, ndipo nsambo zokutidwa ndi nikelo imazimva bwino kuposa za mtundu wa mkuwa. Gitala ya bokosi ikayandikira sipika imayamba kulira yokha mosaletseka, chifukwa thabwa la pamimba likunjenjemera ndi mawu a sipikayo. Imani chammbali mwa ampulifaya, ndipo ngati zikupitirira tsekani bowo la pamimba ndi nsalu kapena siponji. Musakometsenso kusasa mopitirira. Mukamvetsera mbale za James mupeza kuti kumenya kulikonse mwa 12 kuja kumamveka pakokha.

Mbale ya mu 1951 inatuluka pa kampani ya Trumpet, ya mayi Lillian McMurry, mzungu amene anayamba kugulitsa ndi kujambula nyimbo za anthu akuda mumsewu wa Farish ku Jackson panthawi imene tsankho linali lamulo ku Mississippi. James anali atagwirapo kale ntchito kumeneko chaka chomwecho, akuimbira Sonny Boy gitala. Pambalepo dzina linalembedwa kuti Elmo James, ndipo popeza panalibe nyimbo yake yachiwiri, kuseri kwake anaikako "Catfish Blues" yoimbidwa ndi Bobo Thomas. Inafalikira nkhani yoti James anamujambula mobisa iye akuganiza kuti akungoyeserera, koma mayi McMurry anaikana nkhaniyi moyo wawo wonse, ponena kuti James anali atasayina pangano ndi kulandira ndalama. Mu 1952 nyimboyi inafika pa nambala 9 pa mndandanda wa magazini ya Billboard wa nyimbo za rhythm and blues. Kwa kampani yaing'ono ya ku Mississippi ndi woimba wosadziwika, zinali zosayembekezeka.

Apa ndi pamene nyimboyi inayamba kumumanga miyendo. Makampani akuluakulu anamuthamangira, ndipo chimene ankafuna chinali tsache lomwelo. Abale a Bihari, eni makampani a Modern, Meteor ndi Flair, anamupeza mothandizidwa ndi Ike Turner, amene ankawasakira oimba kummwera. Kumapeto kwa 1952 James anajambula ku Chicago nyimbo ya "I Believe", imene ndi "Dust My Broom" yovala mawu ena, ndipo nayonso inafika pa nambala 9 mu 1953. Kampani ya Checker inatulutsa "She Just Won't Do Right", yoyamba ndi kulira komweko. Mu 1955, ku New Orleans, anajambula "Dust My Blues". Bandi yake inatchedwa Broomdusters. Munthu amene angamvetsere nyimbo zimenezi motsatizana akhoza kuganiza kuti James ankadziwa chinthu chimodzi chokha, ndipo ena anamuweruza motero. Chiweruzo chimenecho n'cholakwa. Msika wa mbale za nthawiyo, zozungulira ka 78 pa mphindi, unkafuna kuti wogula azindikire woimba m'masekondi awiri oyamba pa jukebox, makina a m'mabala oliza mbale munthu akaponyamo ndalama, ndipo James ankapereka chimene chapemphedwa.

Bandi ya Broomdusters payokha ndi yofunika kuimvetsera. Munali J. T. Brown pa sakisofoni, amene kulira kwake konjenjemera kunkagwirizana ndi silaidi ngati abale, Little Johnny Jones pa piyano, Odie Payne pa ng'oma, ndi Ransom Knowling pa besi. Pambuyo pake munalowa Homesick James, amene ankadziwika kuti ndi msuweni wake. Muddy Waters ankamanga bandi yake mozungulira hamonika, pamene James anaika sakisofoni, ndipo zimenezi zinapatsa nyimbo zake kulemera kwa m'tauni popanda kutaya fumbi la ku Delta. Pamwamba pa zonsezi panali mawu ake. Anthu amalankhula za gitala n'kuiwala kuti James anali mmodzi mwa oimba pakamwa amphamvu kwambiri a blues. Ankaimba kumtunda kwenikweni kwa mmero wake, mawu akung'aluka ngati munthu amene akulira koma sakufuna kugonja. Gitala ija inkatsanzira mmero umenewu.

Umboni wakuti anali woposa kamawu ka tsache uli m'nyimbo zake zoyenda pang'onopang'ono. Mu 1957 anajambulira kampani ya Chief, ya Mel London, nyimbo ya "It Hurts Me Too", imene Tampa Red anaitulutsa mu 1940. Kumapeto kwa 1959 Bobby Robinson wa kampani ya Fire ya ku New York anamupeza ku Chicago n'kumujambula "The Sky Is Crying", imene inafika pa nambala 15 mu 1960. M'nyimbo imeneyi silaidi siithamanga. Imatenga nsambo imodzi, n'kukwera pang'onopang'ono, n'kuima pamalo amene palibe fureti, pakati pa F ndi F#, pamene piyano singafike. Kamawu kapakati kameneka ndiko mtima wa blues, ndipo mwana amene anayambira pa waya wa kukhoma ankakadziwa asanagwire gitala. Zaka za kwa Robinson zinabalanso "Done Somebody Wrong", "Look on Yonder Wall" ndi "Shake Your Moneymaker", yomalizayi yojambulidwa ku New Orleans mu 1961. Nyimbo zimenezi zinajambulidwa ndi zipangizo zabwinoko, ndipo woyamba kumene kumvetsera James ayambire pamenepa asanabwerere ku ya mu 1951.

Moyo wake unali woyendayenda pakati pa Chicago ndi Mississippi. Anali ndi matenda a mtima kuyambira ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, ndipo kuimba usiku ndi usiku pamodzi ndi mowa sizinamuthandize. Anasemphananso ndi bungwe la oimba la ku Chicago, limene linamuletsa kugwira ntchito mumzindamo kwa nthawi ndithu, moti anabwerera kummwera. Mu Meyi 1963 anabwereranso ku Chicago nkhaniyo itakonzedwa, koma pa 24 Meyi mtima unaima ali kunyumba kwa Homesick James. Anali ndi zaka 45. Panali dongosolo loti apite ku Ulaya ndi gulu la American Folk Blues Festival, ulendo umene unasintha miyoyo ya anzake monga Sonny Boy ndi Muddy Waters powapezera omvera atsopano. Iye sanaufikire, ndipo palibe kanema wodziwika womuonetsa akuimba.

Achinyamata a ku Britain anali atamumva kale pa mbale. Brian Jones, asanayambitse Rolling Stones, ankaimba silaidi m'makalabu a ku London pa dzina lakuti Elmo Lewis, potengera Elmo James. Jeremy Spencer wa Fleetwood Mac anamutsanzira kwambiri moti pa chimbale chawo cha Mr. Wonderful cha mu 1968 nyimbo zingapo zimayamba ndi kulira komwe kuja kwa pa fureti 12. Ku Chicago, Hound Dog Taylor ndi J. B. Hutto anapitiriza kaimbidweka m'mabala a anthu akuda, mosasa kuposa mwini wake. Duane Allman anaimba "Done Somebody Wrong" pa chimbale cha At Fillmore East cha mu 1971, ZZ Top anajambula "Dust My Broom" mu 1979, ndipo "The Sky Is Crying" inadzakhala mutu wa chimbale cha Stevie Ray Vaughan chimene chinatuluka mu 1991 iye atamwalira. Chochititsa chidwi n'chakuti chimbale choyamba chosonkhanitsa nyimbo za Robert Johnson, cha mu 1961, chinalibe nyimbo ya tsache. Inadzatuluka pa chachiwiri mu 1970, ndiye kuti m'badwo wonse wa oimba unaidziwa kudzera mwa James, n'kudzamva ya Johnson pambuyo pake ngati mlendo.

Ulemu wa mabungwe unabwera mochedwa. James analowetsedwa mu Blues Hall of Fame mu 1980 ndi mu Rock and Roll Hall of Fame mu 1992. Mbale ya mu 1951 inalowa mu Grammy Hall of Fame mu 1998, ndipo Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaisankha m'gulu la 2013 la zojambula zoyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko. Thupi lake linaikidwa kumanda a tchalitchi cha Newport Baptist kufupi ndi Ebenezer, m'boma lomwe lija la Holmes kumene anabadwira, ndipo mwala wa chikumbutso umene uli pamandapo, wokhala ndi chifanizo chake atanyamula gitala, unaimikidwa mu 1992, patatha zaka 29 chimwalirireni.